Nkhokwe Yathuyathu: Phunziro la Kusunga Seva ya Git

Pali dzina limodzi la fayilo limene aliyense wa ife pano pa koleji amalidziwa. Lolemba imakhala "yomaliza", Lachiwiri ikhala "yomaliza2", pofika Lachinayi yasanduka "yomaliza yeniyeni". Ife dzinali tidaliphunzira mowawa. Temu yatha gulu lathu la anthu asanu linkalemba kapulogalamu kowerengetsera malikisi a ana a sukulu. Aliyense ankakonza mbali yake pa laputopu yake, kenaka n'kumapatsirana pa fulashi. Kutatsala masiku atatu kuti tipereke ntchito, fulashi ija idagwidwa vairasi. Titasonkhanitsa zimene zidatsala m'makompyuta mwathu, tidapeza mitundu inayi ya pulogalamu imodzimodziyo, ndipo panalibe wodziwa kuti yatsopano ndi iti. Tidachezera usiku wonse kufananitsa mzere ndi mzere. Mawu ena amene tidalankhulana usiku umenewo sitingawabwereze pano.

Chidatipulumutsa pa ntchito yotsatira ndi Git, pamodzi ndi laputopu yakale imene tidaisandutsa seva. M'phunziro lino tiona chimene seva ya Git ili, m'mene tingaikhazikitsire, ndi udindo umene timasenza tikasankha kukhala nayo yathuyathu. Mfundo yake ndi imodzi: kuimika seva ndi ntchito ya madzulo amodzi, koma kuisamala ndi ntchito ya masiku onse.

Git ndi chiyani?

Git ndi pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo. Adailemba ndi Linus Torvalds, mkulu wa ku Finland yemwe adayambitsanso Linux mu 1991. Kuyambira 2002 anthu olemba Linux ankasungira ntchito yawo mu pulogalamu ina yotchedwa BitKeeper, imene eni ake ankawalola kugwiritsa ntchito kwaulere. Mu 2005 chilolezocho chidatha. Mu Epulo chaka chomwecho Torvalds adayamba kulemba chida chakechake, ndipo patangopita miyezi yochepa adachisiya m'manja mwa Junio Hamano kuti azichiyang'anira. Tisaiwale chiyambi chimenechi: Git idabadwa chifukwa anthu adazindikira kuti chobwereka mwini wake amachitenga tsiku limene wafuna.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Foda ya ntchito yathu pamodzi ndi mbiri yake yonse imatchedwa repository. Ife m'phunziro lino tiziitchula kuti nkhokwe. Tikasintha kanthu n'kukhutira nako, timapanga commit. Commit ili ngati kujambula chithunzi cha mafayilo onse pa nthawi imeneyo, n'kulembapo dzina la wosintha, tsiku, ndi chifukwa chake. Commit iliyonse imalandira nambala yaitali yochokera ku zimene zili m'kati mwake komanso ku commit imene idaitsogolera. Motero munthu sangasinthe mbiri yakale mwakachetechete, chifukwa nambala zonse zotsatira zimasintha nazo.

Chinthu china chofunika: aliyense amene wakopera nkhokwe amakhala ndi mbiri yonse pa kompyuta yake. Titha kupanga commit tili m'basi kapena kumudzi kopanda netiweki. Nanga seva ndi yachiyani? Seva ndi malo okumanirana. Ndi kompyuta imene gulu lagwirizana kuti aliyense azitumizako zimene wachita, komwe ndi push, ndi kukatengako zimene anzake achita, komwe ndi pull. Popanda malo amodzi otere timabwerera ku fulashi.

Bwanji osangopita ku GitHub?

Funsoli ndi loyenera. GitHub idatsegulidwa mu 2008, ndipo mu 2018 Microsoft idaigula pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Kuyambira mu Januwale 2019 munthu atha kusungako nkhokwe yobisika osalipira. Kulinso GitLab, Bitbucket ndi Codeberg. Kwa ophunzira ambiri malo amenewa ndi okwanira, ndipo sitikunena kuti aliyense achokeko.

Komabe pali zifukwa zitatu zimene zingachititse gulu kufuna seva yakeyake.

Choyamba ndi umwini. Kampani imene ikutisungira lero itha kusintha maganizo mawa. Google idali ndi malo ake otchedwa Google Code, koma idawatseka mu 2016. Mu 2020 Bitbucket idasiya kusunga nkhokwe za Mercurial, chida china chofanana ndi Git, ndipo eni ake adauzidwa kuti asamuke. Mu Julaye 2019 anthu a ku Iran, Syria ndi Crimea adapeza kuti sakutha kufikira nkhokwe zawo zobisika pa GitHub chifukwa cha malamulo a zamalonda a dziko la America. Anthuwo sadalakwire kampaniyo. Adangopezeka kuti amakhala ku dera lolakwika. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chachiwiri ndi chinsinsi. Pali ntchito zimene sukulu kapena bungwe silingafune kuti zituluke pa geti: pulogalamu yoyendetsa kaundula wa ophunzira, mafunso a mayeso, kafukufuku amene sadasindikizidwe.

Chachitatu ndi intaneti. Tonse tikudziwa m'mene bando imathera pakati pa ntchito. Seva imene ili pa netiweki ya m'labu kapena m'hositelo siifuna intaneti konse. Rauta ikangoyaka, gulu lonse litha kutumiza ndi kulandira ntchito osadya ngakhale megabaiti imodzi.

Zimene tifunika kukhala nazo

Seva ya Git siifuna makina apamwamba. Ife tidatenga laputopu yosweka sikirini imene idangokhala m'kabati. Laputopu yakale ili ndi ubwino wina: batire lake limaisunga yoyaka magetsi akathima mwadzidzidzi, ndipo kuthima kwa mwadzidzidzi ndi kumene kumaononga mafayilo. Ena amagwiritsa ntchito kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, kamene kamadya magetsi ochepa kwambiri. Ena amachita lendi seva pa intaneti n'kumalipira mwezi ndi mwezi.

Pa makinawo tiikepo Linux, monga Debian kapena Ubuntu. Tiuze rauta kuti izipatsa makinawo adiresi yosasintha. M'zitsanzo zathu tigwiritsa ntchito 192.168.1.10. Adiresi yoyamba ndi 192.168 ndi ya m'nyumba, siioneka kunja. Njira yolankhulira ndi sevayo ndi SSH, imene Tatu Ylönen wa ku Finland adayambitsa mu 1995. SSH imabisa zonse zodutsa pakati pa makompyuta awiri kuti womvetsera pakati asatolepo kanthu.

Masitepe asanu ndi limodzi

Sitepe 1. Pa seva tiike mapulogalamu awiri ofunika:

sudo apt install git openssh-server

Sitepe 2. Titsegule akaunti imodzi imene ntchito yake ikhale yosunga nkhokwe basi:

sudo adduser --disabled-password git

Akauntiyi ilibe pasiwedi. Munthu azilowamo ndi kiyi yokha.

Sitepe 3. Membala aliyense apange kiyi pa laputopu yake:

ssh-keygen -t ed25519

Lamuloli limatulutsa mafayilo awiri. Yotchedwa id_ed25519 ndi kiyi yeniyeni, ndipo siyenera kuchoka pa laputopu ya mwini wake. Yotchedwa id_ed25519.pub ili ngati loko: titha kuipereka kwa aliyense popanda mantha. Woyang'anira seva amatenga mzere umene uli mu fayilo ya .pub ya membala aliyense n'kuuika mu /home/git/.ssh/authorized_keys, munthu mmodzi mzere umodzi. Foda ya .ssh ikhale ya akaunti ya git ndi chilolezo cha 700, fayiloyo 600. Apo ayi SSH itha kukana kutsegula. Apa ndi pamene ife tidataya ola lathunthu. Ndipo mnzathu wina adatumiza kiyi yeniyeni pa gulu la WhatsApp m'malo mwa loko. Zikatero palibe kuchitira mwina: kiyi imeneyo yafa, apange ina.

Sitepe 4. Tipange nkhokwe pa seva:

sudo -u git git init --bare /home/git/malikisi.git

Mawu akuti bare akutanthauza kuti nkhokweyi ili ndi mbiri yokha, ilibe mafayilo oti munthu atsegule n'kumasintha. Chifukwa chake n'chakuti pa seva palibe amene amagwirirapo ntchito. Pakadakhala mafayilo otere, push iliyonse ikadamasemphana nawo, ndipo Git imakana kulandira push yotero.

Sitepe 5. Amene ali ndi ntchito kale pa laputopu yake ailumikize ndi seva, kenaka atumize:

git remote add origin git@192.168.1.10:malikisi.git
git push -u origin main

Ngati nthambi yathu yaikulu imatchedwa master, tilembe master m'malo mwa main. Mamembala enawo angokopera:

git clone git@192.168.1.10:malikisi.git

Kuyambira pamenepo mwambo wa tsiku ndi tsiku ndi uwu: pull tisanayambe, commit tikamaliza kagawo, push tisanagone. Anthu awiri akasintha mzere umodzi, Git siisankha yokha wolondola. Imaima n'kutionetsa mbali zonse ziwiri kuti tikambirane.

Sitepe 6. Titseke khomo lotsala. Pakali pano aliyense wokhala ndi kiyi atha kulowa mu akaunti ya git n'kufufuta chilichonse. Tichepetse mphamvuzo:

sudo usermod -s /usr/bin/git-shell git

Tsopano akauntiyo imangomva malamulo a Git basi. Ndi bwinonso kulemba receive.denyNonFastForwards ndi receive.denyDeletes kuti zikhale true mu fayilo ya config ya nkhokweyo. Zimenezi zimaletsa membala kufafaniza mbiri ya gulu kapena kuchotsa nthambi, kaya mwadala kaya mwangozi.

Seva yatha. Gulu likakula n'kufuna kuti ena aziwerenga chabe pamene ena akulemba, pali chida chotchedwa Gitolite. Likafuna tsamba looneka ngati GitHub, pali Gitea, imene idayamba mu 2016, ndi Forgejo, imene idatuluka mwa Gitea mu 2022. Ziwirizi ndi zopepuka moti zimayenda pa makina akale. GitLab nayo itha kuikidwa pa seva yathu, koma imafuna makina amphamvu.

Walira mvula walira matope

Tikamasunga pa GitHub, pali anthu olipidwa amene amadzuka usiku makina akavuta. Tikaimika seva yathu, anthu amenewo ndife. Aliyense amene adakulira kumudzi amadziwa kuti kumanga nkhokwe si kumene kumasunga chimanga. Chimasunga chimanga ndi munthu amene amafolera denga mvula isanagwe, amaona ngati anankafumbwe alowa, ndipo amadziwa amene akutapamo. Udindo wa mwini seva uli panayi.

Udindo woyamba ndi kulondera khomo. Seva imene ili m'labu yokha ili ndi adani ochepa. Koma imene yatsegulidwa ku intaneti imagogodedwa usana ndi usiku ndi mapulogalamu oyendayenda amene amayesa mapasiwedi pa khomo la SSH, lomwe ndi nambala 22. Mankhwala ake ndi kuletseratu kulowa ndi pasiwedi polemba PasswordAuthentication no mu fayilo ya /etc/ssh/sshd_config. Chenjezo: tiyambe taonetsetsa kuti kiyi ya woyang'anira ikugwira ntchito, kuopa kudzitsekera kunja kwa nyumba yathu yomwe. Tizikonzanso mapulogalamu a pa seva pafupipafupi ndi apt update ndi apt upgrade. Amene akufuna kufikira seva ya m'labu ali kutchuthi, njira yabwino ndi VPN monga WireGuard, osati kungotsegula rauta. Ndipo tisanalumikize makina athu ku netiweki ya koleji, tipemphe chilolezo kwa oyang'anira. Netiwekiyo si yathu.

Tisaganize kuti kuthyoledwa kumagwera osadziwa okha. Mu 2011 akuba a pa intaneti adalowa mu makina a kernel.org, kumene kumasungidwa Linux yeniyeniyo. Chidalimbitsa anthu mtima n'chakuti nkhokwe ya Linux idali ndi makope ambirimbiri pa dziko lonse, ndipo nambala za commit zikadaulula kusintha kulikonse. Ngakhale zidali choncho, malowo adatsekedwa kwa milungu ingapo kuti amangidwenso.

Udindo wachiwiri ndi kusunga makope. Seva si malo opulumukirako. Ndi kompyuta ngati ina iliyonse, ndipo disiki yake idzafa tsiku lina. Nkhani ziwiri zitiphunzitse. Mu Juni 2014 kampani yotchedwa Code Spaces, imene ntchito yake idali kusungira anthu nkhokwe, idathyoledwa ndi munthu wofuna ndalama. Eni ake atayesa kumutulutsa, iye adafufuta pafupifupi zonse, ndi makope omwe, chifukwa makopewo ankafikiridwa kudzera pa khomo lomwelo. Kampaniyo idatsekera pomwepo. Pa 31 Januwale 2017 injiniya wina wa GitLab, atatopa ndi ntchito ya usiku, adafufuta deta pafupifupi 300 GB pa makina olakwika. Kampaniyo idali ndi njira zisanu zosungira makope, koma itazifuna idapeza kuti palibe imene ikugwira ntchito m'mene ankayembekezera. Idapulumukira pa kope limene lidatengedwa maola asanu ndi limodzi ngoziyo isanachitike. Nkhokwe za Git sizidakhudzidwe, koma zokambirana ndi zolemba za maola amenewo zidapita.

Phunziro la Code Spaces: kope limene lili pamodzi ndi chinthu chenichenicho limapsa nacho limodzi. Phunziro la GitLab: kope limene sitidaliyesepo kubwezeretsa ndi chiyembekezo chabe. Akatswiri ali ndi lamulo lotchedwa 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale ku malo ena. Git imatipeputsira ntchitoyi. Lamulo la git clone --mirror limakopera nkhokwe yonse ndi nthambi zake zonse ku makina ena. Lamulo la git bundle create malikisi.bundle --all limamanga nkhokwe yonse mu fayilo imodzi yoti n'kuika pa disiki yapadera. Ife timachita zimenezi Lachinayi lililonse, ndipo disikiyo imagona ku hositelo ina. Kamodzi pa mwezi timatenga fayiloyo n'kuyesa clone pa laputopu ina, kenaka git fsck kuti tione ngati zonse zili bwino.

Wina anganene kuti, popeza membala aliyense ali ndi mbiri yonse, makope alipo kale. N'zoona pang'ono. Koma laputopu ya membala ili ndi zokhazo zimene adatenga tsiku limene adapanga pull komaliza. Komanso mndandanda wa makiyi, makonzedwe a seva ndi zokambirana za pa Gitea sizikhala m'makope amenewo.

Udindo wachitatu ndi kusamala zimene tikuikamo. Git siiiwala. Tikaika pasiwedi mu fayilo n'kupanga commit, kenaka mawa n'kuichotsa, pasiwediyo ikadali m'mbiri, ndipo aliyense amene adakopera nkhokwe ali nayo. Njira yotsimikizika ndi kusintha pasiwediyo. Kwa ife amene tikukonzekera uphunzitsi mfundoyi ndi yolemera. Poyesa pulogalamu yathu, mmodzi wa ife adafuna kuikamo mndandanda weniweni wa ana ndi malikisi awo umene adabwera nawo kuchokera kumene adakaphunzitsa moyeserera. Tidakana. Mwana amene adalephera masamu temu imodzi sayenera kukhala m'mbiri yosafufutika pa malaputopu a anthu asanu amene sakumudziwa n'komwe. Tidapeka mayina ndi manambala, ndipo mafayilo a deta yeniyeni tidawalemba mu .gitignore kuti Git isamawatole. Kukhala ndi seva yobisika sikutipatsa ufulu wosunga zinsinsi za anthu ena.

Udindo wachinayi ndi kukonzekera wolowa m'malo. Ophunzira timabwera n'kupita. Seva imene munthu mmodzi yekha ndiye amaidziwa imafa tsiku limene iye wavala gauni. Pakhale oyang'anira awiri, ndipo mmodzi akhale wa chaka chotsika. Pakhale tsamba limodzi lofotokoza kumene makina ali, m'mene amayatsidwira, kumene makope amasungidwa ndi tsiku limene adayesedwa komaliza. Membala akachoka pa gulu, mzere wake mu authorized_keys uchotsedwe tsiku lomwelo. Kumeneko si kudana naye. Laputopu yake itha kubedwa chaka chamawa, ndipo wakubayo adzakhala ndi kiyi ya nkhokwe yathu.

Tisankhe bwanji?

Ngati tili tokha kapena awiri, intaneti tili nayo, ndipo ntchito yathu ilibe chinsinsi, nkhokwe yobisika pa GitHub kapena GitLab ndi yokwanira, bola tizisunga kope lathu. Ngati gulu likugwirira ntchito malo amodzi, bando ikuvuta, kapena ntchitoyo siyenera kutuluka, seva yathuyathu ndi yoyenera. Njira ziwirizi sizitsutsana: nkhokwe imodzi itha kukhala ndi malo awiri otumizirako, seva ya m'labu ya tsiku ndi tsiku ndi ina ya kutali yosungirako kope.

Koma tisanagule ngakhale chingwe, gulu lifunsane funso limodzi: ndani adzayang'ana makope mlungu wa mayeso, pamene aliyense ali ndi zake? Ngati palibe dzina lotchulika, seva isaimikidwe kaye. Ifeyo mlungu wa mayeso tidadumphitsa kawiri, ndipo tidangochita mwayi kuti disiki siidafe masiku amenewo. Tsopano mayina a osunga makope adamatidwa pa chivindikiro cha laputopu ija, mlungu ndi mlungu mpaka kutsekera.

Mafunso okambirana

1. Pa ntchito zimene tili nazo pa kompyuta lero, ndi iti imene ili ndi kope limodzi lokha? Itatayika usiku uno, tingataye masiku angati?

2. Code Spaces ndi GitLab onse adali ndi makope. Kodi cholakwika cha aliyense chidali chiyani, ndipo ndi chiti chimene gulu lathu lingagwemo mosavuta?

3. Ndi zinthu ziti za ana a sukulu zimene mphunzitsi sayenera kuika mu nkhokwe ya Git, ngakhale seva ili yobisika?

4. Woyang'anira seva yathu atadwala mwezi wathunthu, ndani angaiyatse, ndipo angawerenge kuti malangizo?

Ntchito ya mlungu uno

Awiriawiri, pa malaputopu awiri olumikizidwa pa rauta imodzi kapena pa hotspot ya foni, titsate masitepe asanu ndi limodzi aja. Tipange commit zitatu ndi kuzitumiza. Tipange fayilo ya bundle n'kuiika pa fulashi. Kenaka tifufute nkhokwe yoyesererayo pa seva mwadala, ndi kuibwezeretsa kuchokera pa fulashi. Tilembe mphindi zimene zatitengera ndi pamene tidakakamira, kuti tidzafananitse tikakumana.